Musathamangire kumulanda foni mwanayo, yambani ndi izi

Tsiku lina cha mma 11 koloko usiku ndinadzuka kukamwa madzi, ndikudutsa pakhomo la chipinda cha mtsikana wanga ndinangoona kakuwala kakutuluka pansi pa bulangete, kuvundukula ndinamupeza wagwira foni misozi ili mbwembwembwe. Ali Fomu 3 ameneyo. Ndinachita zomwe ambirife timachita, kuilanda foni, kumukalipira kuti mawa kusukulu, nkukaitsekera mu kabati sabata yathunthu, ndipo mumtima ndimati ndagwira ntchito ya ukholo. Patatha pafupifupi mwezi ndi pomwe mng'ono wanga, amayi ake aang'ono, anandiuza kuti anzake a mkalasi anamujambula akusinza kukamwa kuli yasa, chithunzicho anachisandutsa sitika ndipo chimangozungulira pa gulupu yawo, aliyense akafuna kuseka amangoponya nkhope ya mwana wanga. Nditamufunsa kuti bwanji sunandiuze anangoti "mukanandilandanso foni". Basi. Zomwe ndikulemba apa ndi zomwe takhala tikuchita kunyumba kwathu kuchokera nthawi imeneyo, mwa ndondomeko yake, chifukwa ndaona kuti ukayambira pakati zimakanika.

Poyamba penipeni, gwirani foni yanu inuyo, ya mwana isiyeni kaye. Lowani mu Settings mufufuze polembedwa Digital Wellbeing, mafoni ambiri a Android monga Tecno, itel ndi Samsung ali napo, a iPhone pamalembedwa Screen Time. Pamenepo pamaonetsa maola omwe mwakhala pa foni tsiku limenelo ndi app yomwe yadya nthawi yambiri. Konzekani kuchita manyazi. Ine nditawerenga magulupu anga a WhatsApp anakwana 23, la mpingo, la amayi a mvano, banki mkhonde awiri, la akumudzi, la maliro a kuchimuna, la omwe tinaphunzira limodzi ku sekondale, la makolo a kusukulu ya mwana aliyense, la mdera lathu lomwe ntchito yake nkuchenjezana za akuba, ndipo lililonse mwa amenewa limabwera ndi katundu wake, uku zopereka, uku zithunzi za ngozi ya pamsewu zosabisa nkomwe, uku mafuta asowa, uku shuga wakwera, uku voice note ya mphindi 9 ya munthu yemwe simukumudziwa akuti dziko likutha. Thupi silisiyanitsa pakati pa galu wolusa ali kutsogolo kwako ndi uthenga woopsa wa pafoni, limangokonzekera kuthawa, mtima umathamanga, mapewa amauma, mpweya umafupika. Ndiye muli choncho mwana abwere kudzapempha ndalama ya pensulo, mkwiyo wonse wa pa gulupu uja umakathera pa iye. Timati ana a masiku ano ndi ovuta pomwe paja akulu anati make mbuu mwana mbuu.

Ndiye chitani izi lero lomwe, sizitenga mphindi 20. Gulupu iliyonse yomwe siikhudza ntchito yanu kapena sukulu ya ana ikanikizeni kanthawi musankhe Mute, muziitsegula inuyo mukafuna osati iyo izikuitanani. Zina ziponyeni mu Archive zisamaoneke pamwamba. Zomwe mulibe nazo ntchito tulukanimo, masiku ano WhatsApp imadziwitsa ma admin okha kuti mwatuluka, siilengezanso kwa gulu lonse ngati kale. Mukatero pitani pa Settings, Storage and data, muzimitse zoti zithunzi ndi mavidiyo zizilowa zokha, apa mupulumutsa bandulo komanso mupulumutsa maso a mwana, poti kwathu kuno foni ya amayi ndi ya nyumba yonse, kamwana ka Sitandade 2 kakabwereka kuti kasewere gemu kamathera mu gallery nkukumana ndi mitembo ya pangozi ija. Pomaliza pa Privacy pali polembedwa Groups, sankhani kuti okhawo omwe manambala awo munasunga ndi omwe angakulowetseni mu gulupu.

Mukathana ndi zanu, sabata imodzi ingoyang'anani, osalankhula kanthu. Izi zimavuta kwa ife a pakamwa posachedwa koma piriranibe. Mwana sabwera nkunena kuti amayi ndili ndi nkhawa, mawu amenewo alibe. Wamng'ono amadandaula mmimba kapena mutu makamaka mmawa wopita kusukulu, amayambiranso kukodza pogona pomwe anasiya kalekale, amalusa zinthu zazing'ono, foni mukaitenga amadzigwetsa pansi kuposa mmene amachitira kale. Wamkulu amaitembenuza foni mukangolowa, ikalira amadzidzimuka, amasinza masana, nsima akungoitola, wasiya kupita ku mpira kapena ku kwaya komwe ankakukonda, kapena mukungoona ndalama zikuchepa pa Mpamba kapena Airtel Money osadziwa zapita kuti. Ngati thupi latentha kayezetseni malungo kaye, tisamangoti zonse ndi foni. Ndipo kunena zoona nthawi zina foni imangokhala pobisalira, vuto lenileni ndi fizi yomwe sinalipidwe, mayeso a MANEB omwe ayandikira, kapena phokoso la inu ndi bambo ake lomwe amalimva kudzera pakhoma usiku uliwonse. Mukailanda foni pamenepo mwangomuchotsera pothawira, chomuthamangitsacho chikadalipo.

Chinthu choyamba kusintha mnyumba chikhale tulo, osati maola a pafoni. Ndikunena izi motsindika chifukwa kwa ife ndi chomwe chinasintha zambiri kuposa china chilichonse. Madokotala a ana amati wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12 ogona, wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Tawerengani nokha, mwana wa zaka 13 mpaka 18 yemwe amadzuka 5 koloko kuti atunge madzi, asese, asambe nkukagwira minibasi, ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko, ndipo amenewo ndi maola ochepetsetsa. Akagona 12 koloko ndiye kuti mkalasi mukulowa thupi lokha. Munthu wosagona chilichonse chimamukulira, mawu omwe akanangowaseka amamuliza, ndipo macheza oipa ambiri a pagulupu amachitika usiku womwewo akuluakulu atagona. Kuwala kwa foni kumachedwetsa tulo, komanso mavidiyo a TikTok ndi Facebook anawapanga kuti asamathe, ina ikatha ina yayamba kale, palibe pomwe pamalembedwa kuti zatha kagoneni.

Ife tinatenga kadengu kakang'ono nkukaika pa sitting room pafupi ndi soketi, ikakwana 8:30 mafoni onse amagona mmenemo, onse, yanga ndi ya bambo awo yomwe. Apa ndi pomwe panali nkhondo, osati ndi ana ayi, ndi bambo awo, amati mpira wa ku England umatha mochedwa ndiye amafuna kuona zomwe anzawo akunena, tinagwirizana kuti tsiku la mpira aonere pa sitting room pompo koma kuchipinda foni isalowe. Madandaulo ena muwayembekezere. Akati ndimatchera alamu, gulani kawotchi ka pa msika kapena muziwadzutsa nokha. Akati bandulo ya usiku ndi yotchipa ndimafuna kudawuniloda manotsi, ayambitse kudawuniloda foniyo ili mu dengu, mmawa aipeza yamaliza. Inuyo mukati nanga kukagwa zovuta kumudzi andipeza bwanji, sungani kafoni ka mabatani kuchipinda, kapena tcherani Do Not Disturb nkulola manambala a anthu ochepa okha kuti azilira. Magetsi akazima lamulo silizima nawo, foni yopanda chaji imagonabe mu dengu.

Tsopano kukambirana. Musamuitane ngati ku bwalo la amfumu, "takhala apa ndikufuna ndikulankhule", mwana akangomva choncho amatseka zitseko zonse. Yambitsani nkhani manja ali pa ntchito, mukusankha nyemba, mukusadzula masamba, mukuyenda kupita ku chigayo, pomwe simukuyang'anana mmaso. Ndipo yambani ngati wofuna kuphunzira, "tandionetse, anzako akuseka chani masiku ano pa TikTok", muonere limodzi, museke ngati zili zoseketsa, musayambe ulaliki pa vidiyo yoyamba. Tsiku lina mufunse, "pa gulupu ya kalasi yanu alipo yemwe amamuvutitsa?" Kufunsa za mnzake nkosavuta kuyankha kusiyana ndi kufunsa za iye mwini, ndipo kawirikawiri mnzake wa mu nkhaniyo amakhala iye yemwe.

Kenako mumuuze mawu awa ndipo muwasunge ngati pangano la kutchalitchi: "Chilichonse chikakuchitikira pa foni, ngakhale utalakwitsa ndiwe, ukabwera kudzandiuza wekha sindikulanda foni ndipo sindikumenya, tikonza limodzi." Ndikudziwa ena mukuti uku nkulekerera. Ine ndinayesa njira inayo ndipo yomwe ndinapeza ndi mwana wolira pansi pa bulangete mwezi wathunthu ine osadziwa. Anthu oipa a pa intaneti chida chawo chachikulu ndi mantha a mwana pa makolo ake, amati ukakana ndiwauza amako. Mwana yemwe akudziwa kuti amake amva koma samupha, chida chimenecho sichigwira.

Pali nkhani zina zomwe mwana wa Chimalawi sangauze amake kapena abambo ake ngakhale mutalonjeza bwanji, ulemu womwe tinawaphunzitsa tokha umawatseka pakamwa. Si zachilendo, makolo athu ankadziwa, nchifukwa chake kunali azakhali, amalume, agogo ndi anankungwi. Msankhireni munthu mmodzi kapena asankhe yekha, amayi aang'ono, amalume, mlangizi wa ku mpingo kapena ku mzikiti yemwe mumamukhulupirira, mumuuze poyera kuti zikakuvuta kundiuza ine kawauze awa. Ndipo munthuyo akakubweretserani nkhani musathamange kukamufunsa mwana mwaukali, mukatero mwagwetsa mlatho womwe munamanga nokha.

Malamulo a mnyumba pangani limodzi, nkhanga zinapangana kusanapse. Akhale ochepa oti aliyense awaloweze. Athu ndi anayi, pa nsima palibe foni, homuweki ndi ntchito za pakhomo kaye, 8:30 mu dengu, ndipo palibe kutumiza chithunzi cha munthu osamupempha. Lomalizali analiika ndi mtsikana wanga ndipo linandigwira ine, poti ndinali ndi chizolowezi choika pa sitetasi chilichonse, lipoti la kusukulu, chithunzi ali mtulo, ngakhale ali pa bedi kuchipatala ndikupempha mapemphero. Nyengo ya zotsatira za MSCE ndi JCE taganizirani mwana yemwe sanakhoze bwino akuona masitetasi a azakhali onse akuonetsa mapointi a ana awo. Muwauzenso ana kuti pa sitetasi munthu amaika tsiku lomwe wadya nkhuku, la bonya saika, ndipo galimoto yomwe wayitsamirayo mwina ndi ya eni ake.

Za msinkhu, WhatsApp, Facebook ndi TikTok onse amati munthu akhale ndi zaka zosachepera 13, ana athu amangonamiza chaka chobadwa, nthawi zina ndi ife tomwe timawatsegulira. Ku Australia anafika pokhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo ngati TikTok, Instagram ndi Facebook. Kwa tiana ting'onoting'ono, malangizo a 2019 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ndikudziwa mmene zimakhalira uli pa mbaula mwana akulira, katuni imathandiza, sindikuweruza munthu, koma isakhale kuti kulira kulikonse mankhwala ake ndi foni, mwana amafunika aphunzire kutonthola ndi kumbuyo kwa amake, ndi nyimbo, ndi kusewera pa dothi ndi anzake.

Zotchera mu foni zilipo ndipo nzaulere. Family Link ya Google imakulolani kuika malire a maola pa foni ya mwana, kuvomereza app asanaiike, ndi kuitseka nthawi yogona. TikTok ili ndi Family Pairing yolumikiza akaunti yanu ndi yake. Kwa ang'ono pali YouTube Kids, ndipo pa YouTube wamba zimitsani Autoplay yomwe imayambitsa yokha vidiyo yotsatira. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money isinthe ngati mwana amaidziwa, ngakhale mumamutuma kwa ejenti. Musaiwale memori khadi ndi fulashi zomwe amakaikitsa mafilimu kumsika, zambiri zosayenera zimalowera kumeneko popanda ndi bandulo yomwe. Koma zonsezi muchite iye akuona ndipo mumuuze chifukwa chake, ukazitape wamseri akautulukira amangobwereka foni ya mnzake, ndipo pa zamafoni anawa amatiposa kutalitali.

Nanga zikavuta kale? Mwana akabwera nkukuuzani kuti akumunyoza pa gulupu, kapena wina yemwe anakumana naye pa Facebook akumuopseza kuti afalitsa zithunzi zake akapanda kutumiza ndalama, choyamba gwirani mtima, pumani, mawu oyamba akhale "wachita bwino kundiuza". Kukalipa kudikire, mwina sikufunikanso. Chachiwiri musafufute mauthenga, jambulani sikirinishoti zoonetsa nambala, dzina la akaunti, tsiku ndi mawu oopsezawo, koma chithunzi chamaliseche cha mwana musachitumize kwa wina aliyense ngakhale kwa mlongo wanu kuti aone, kufalitsa chithunzi chotero ndi mlandu. Chachitatu musalipire, wolipidwa kamodzi amabweranso. Mukasunga umboni mubulokeni ndi kumuchitira Report mu app momwemo. Kenako pitani ku polisi mukafunse Victim Support Unit, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti komanso zithunzi zolaula za ana. Palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, mwana atha kuimba yekha, muilembe pakhoma. Ngati ovutitsawo ndi a mkalasi mwake, kaonaneni ndi aphunzitsi a kalasi kapena ahedi mwakachetechete, osati kukalusa pa gulupu ya makolo, kumeneko mungomuonjezera mwana manyazi. Ife tinatero, ndipo ndinamufunsa kaye mwana wanga ngati akulola kuti ndipite.

Anyamata ambiri chawo ndi kubetcha, pa mpira ndi pa gemu ya kandege kaja. Lamulo silimulola wosakwana zaka 18 koma amagwiritsa ntchito nambala ya mkulu wake kapena yanu yomwe. Chizindikiro chake ndi ngongole zing'onozing'ono kwa anzake, ndalama ya mayeso yosowa, kukwiya kwambiri timu ikaluza. Khalani naye pansi muwerengere limodzi zomwe waika ndi zomwe wapata mwezi wonse, masamuwo amalankhula okha, mutseke njira ya ndalama, ndipo abambo ngati nanunso mumabetcha iye akuona ndiye yambirani pamenepo.

Pali malire omwe si a kunyumbanso. Mwana akakhala wokhumudwa masabata awiri kapena kuposa, sakudya, sakugona, wadzipatula, akudzicheka, kapena wanena mawu ngati "bola nditangofa" ngakhale mwanthabwala kapena pa sitetasi, musati akufuna kutiopseza. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata wolankhula. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi pomwe angafikire, mupite naye kuchipatala cha boma chapafupi mukanene kuti mukufuna oona za maganizo. Ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pempherani, inde, koma kuchipatala mupitenso. Ndipo izi zikukhudza inunso kholo, ngati ndi inu amene simukugona chifukwa cha ngongole ya banki mkhonde ndi mauthenga okukumbutsani, uzani munthu, mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu muli ku Joni, ku UK kapena kwina ndipo ana ali ndi agogo awo kumudzi, foni ndiye chingwe chokhacho, sindinganene kuti ichepe. Koma musanatumize foni yapamwamba kambiranani ndi yemwe akusunga mwanayo, agogo sangalondere chinthu chomwe sadziwa kutsegula kwake, pezani amalume kapena azakhali apafupi oti aziona. Ikani tsiku ndi nthawi yodziwika yoimbirana kuti mwana asamakhale maso usiku kudikira, ndipo kuimbako kusamakhale kwa mafunso okhaokha a wakhoza nambala chani, ndalama ija wagula chani. Mufunseniko zomwe wadya, mumuuzeko kuti inunso mwamusowa.

Chomaliza, mukachotsa maola a foni pamatsala dzenje, mukapanda kulikwirira foni ibwereramo. Mwana wa mtauni yemwe mwamutsekera mu mpanda chifukwa choopa kunja, nkumulandanso foni, mwamusiya ndi makoma okha. Msiyeni akasewere mpira wachikulunga, fulaye, phada, jingo, apite ku kwaya, alime kabedi kake ka mpiru kuseri kwa nyumba, thupi likatopa ndi kuthamanga nkhawa imatsika ndipo tulo timabwera tokha. Ife tinagula bawo, ndipo tsiku lomwe magetsi azima bambo awo amayamba nthano za kwawo zomwe sindinkadziwa nkomwe kuti amazidziwa. Muwaphunzitsenso kachinthu aka ka pomwe mtima ukuthamanga, kuika foni chafufumimba, kukoka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono kuwerenga mpaka 4, kuutulutsa ndi pakamwa kuwerenga mpaka 6, kasanu, ndipo uthenga wokwiyitsa osauyankha mpaka kutacha. Ine ndimakachita ndisanayankhe pa gulupu ya akuchimuna kkkk.

Musayembekeze kuti ziyenda bwino sabata yoyamba, kwathu zinatenga mwezi ndi kulira kwambiri, ndipo mpaka pano timaphonya. Chindapusa cha wophwanya lamulo la dengu ndi kutsuka mapoto a mmawa. Lachiwiri lapitali cha mma 9 ndinamva kugogoda kuchipinda, kutsegula ndi kamnyamata kanga ka Sitandade 6 katanyamula dengu, akuti "amayi, muli mafoni atatu okha umu". Mapoto ndinatsuka ndine, ndi ya nyemba yomwe inapserera.